Lipoti la ntchito: kukonzanso mkati mwa MGB ya 1966 ku Harare

Galimoto imene ndikufotokoza pano ndi MGB ya anthu awiri, yadenga lansalu, yopangidwa mu 1966 ku Abingdon, ku England. Kunja kwake ndi koyera, penti ija a MG ankaitcha Old English White, ndipo mkati ndi mofiira. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Highfield, wobadwira konkuno koma makolo ake adachokera ku Dedza. Adaiyendetsa zaka zambiri, kenako idakhala nthawi yaitali pansi pa shedi ya malata kuseri kwa nyumba. Injini ndi mabuleki anali atakonzetsa kale kwa makaniko wina. Kwa ine, ku Graniteside kumene ndimagwirira ntchito, anabweretsa ya mkati yokha.

Ndalemba lipotili poganizira anzanga osoka mipando, makamaka achinyamata amene manja awo anazolowera makombi ndi ma Honda Fit. Mu kombi timavula chikuto chakale, kuveka chatsopano, galimoto n'kubwerera pamsewu tsiku lomwelo. Galimoto ngati iyi siilola zimenezo. Chimene chimasunga chikopa chooneka ndi maso ndi zinthu zapansi zimene mwini galimoto sadzaziona: chitsulo, mphira, siponji ndi njira za madzi.

Mmene inabwerera

Inafika mu Ogasiti, kunja kuli gwa kuuma, koma nditangotsegula chitseko fungo la chuku linandilandira. Galimoto ikamanunkha chinyezi m'nyengo imeneyo, ndiye kuti pali chinachake chimene chasunga madzi kuyambira dzinja lapita.

Mpando wa dalaivala unali utagwera mkati, munthu akakhala amamva chitsulo. Chikopa cha pokhalira chinali chitang'ambika motsata misoko, ndipo ndikachipinda pang'ono chinkathetheka ngati tsamba la fodya louma. Mpando wa mnzake unali bwino kwambiri: wouma, wofwifwa, ulusi utaduka m'malo angapo, koma chikopa chili ndi moyo. Mabolodi a m'zitseko anali atapindika m'munsi. Penti ya dashibodi inali itasupuka mozungulira pokhomera kiyi. Pansi wina adamata kapeti ya m'nyumba pamwamba pa mamati a mphira, ndipo makoswe anali atamanga chisa kuseri kwa mipando, pafupi ndi mabatire.

Zinthu ziwiri zinagwirizana kuiwononga. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dzuwa la kuno silichitira chifundo chikopa, makamaka chofiira, chimene chimafulumira kusuluka. Kenako kuyambira Novembala mpaka Malichi kumabwera mvula. Dzuwa limaphwanya kuchokera pamwamba, madzi n'kumadya kuchokera pansi.

Tisanayambe tinakhala pansi ndi bambowo. Iwo ankafuna zonse zatsopano.

"Achimwene, ingochotsani zonsezi," anatero. "Muike chikopa paliponse, ndi m'zitseko momwe, ndiponso kapeti yonenepa. Ndikufuna adzukulu akalowamo azimva kuti alowa m'galimoto ya bwana."

"Bambo, galimoto ndi yanu, chimene munene ndichita," ndinawayankha. "Koma tabwerani muone kaye."

Ndinawaonetsa kuti a MG sadaike chikopa paliponse. Pa mipando ya zaka zimenezo chikopa chili pokhalira ndi potsamira pokha. M'mbali ndi kumbuyo ndi vinyl, chikopa chochita kupanga cha pulasitiki, zitseko nazonso ndi vinyl pa hadibodi. Pansi popondera adaika mamati a mphira, kapeti ili pa chitunda cha giya ndi chakumbuyo. Sikunali kuumira. Galimoto yopanda denga lolimba imanyowa, ndipo mphira ndi vinyl sizimwa madzi. Ndinawauzanso kuti MGB, imene idapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, idasiya mipando yachikopa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kotero chikopa choyambirira chimene chatsala pa mpando wa mnzake ndi chinthu chimene sangachigulenso. Anakhala chete kanthawi, akusisita mpandowo ndi chikhatho, kenako anati, "Chimene chingapulumuke chipulumutseni."

Madzi ankalowera kuti

Tinatulutsa zonse mpaka kutsala chitsulo chokha. Mabawuti a galimoto iyi ndi a mainchi, a mtundu wa UNF, choncho masipanala a 7/16 ndi 1/2 ndi amene amagwira. Ya mamilimita imangokulungiza mitu. Chilichonse chochotsedwa tinachijambula pa foni chisanachoke, n'kuchiika m'thumba lolembedwa.

Pansi pa kapeti ija, mbali ya dalaivala, panali dzimbiri lofika pobooka m'malo awiri, pakona ya kutsogolo ndi pafupi ndi bawuti ya mpando. Pa MGB zimenezi sizoyenera kuzipeputsa, chifukwa ilibe chasisi yapadera. Thupi lenilenilo ndiye limanyamula zonse, makamaka zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Ndisanapitirire ndinayang'ana mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi, pamwamba ndi pansi, galimoto ili pamatayala komanso titaikweza pa jeke. Mpatawo sunasinthe, ndipo zitseko zinkatsekeka bwino. Zikadakhala kuti ukutsekeka pamwamba, ndikadaibweza kwa owotcherera kuti ayambe akonza msana wake, ine ndisanasoke ngakhale msoko umodzi.

Kenako tinafufuza gwero. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaima panja ndi paipi ya madzi, ine nditagona mkati ndi tochi. Kutsogolo kwa galasi lalikulu kuli kabowo ka sefa ya chitsulo kolowetsa mpweya, ndipo pansi pake pali bokosi lokhala ndi kapaipi kotayira madzi kunsi kwa galimoto. Kapaipi kameneka kanali katatsekeka ndi matope a masamba a jakaranda. Madzi ankadzadza m'bokosimo n'kusefukira kumapazi. Malo achiwiri anali mphira ya pansi pa felemu ya galasi lalikulu, imene inali itauma n'kung'aluka. Achitatu anali zitseko: timabowo totayira madzi ta m'munsi tinali titatsekeka, ndipo pulasitiki imene imayenera kukhala pakati pa chitseko ndi bolodi idachotsedwa kalekale.

Wowotcherera anadula pamene panadyeka n'kuikapo zigamba za chitsulo chonenepa mofanana ndi chakale. Dzimbiri lapamwamba tinalipala ndi bulashi ya waya, tinapaka mankhwala a phosphoric acid, kenako penti yoyamba ya epoxy, misoko yonse n'kuimata ndi sila, pomaliza penti yoyera. M'mabokosi a mabatire, amene ali kuseri kwa mipando chifukwa galimoto iyi imayendera mabatire awiri a 6 volts, tinayamba tatsuka ndi soda kuti asidi afe. Gawo limeneli linadya nthawi yambiri kuposa kusoka konse, ndipo bambo aja atabwera kudzaona anapeza galimoto ikuoneka moipa kuposa mmene anaisiyira. Ndinawapatsa tochi kuti aone okha zigambazo.

Mipando

Mafelemu tinawatumiza kukawapala ndi mchenga. Ya dalaivala inali ndi mng'alu pamene potsamira pamalumikizana ndi pokhalira. Anaiwotcherera, tinaipenta yakuda.

Chimene chinagwetsa mpando sichinali siponji yokha. Pansi pa siponji pali chinsalu cha mphira chokokedwa ndi timbedza kuzungulira felemu, ndipo ndicho chimanyamula munthu. Chikatha mphamvu, ngakhale muike siponji yabwino bwanji, munthu amamira. Ambiri kuno amathana nazo pokhomera pulayiwudi pansi. Ine sindivomereza. Mpando umauma, munthu amakwera m'mwamba mpaka ntchafu kukhudza chiwongolero, ndipo mabampu onse a msewu amathera m'chiuno. Tinaitanitsa mphira zatsopano kuchokera ku England, pamodzi ndi mphira za galasi ndi zitseko, makilipu ndi mabatani a denga. Izi zokha ndi zimene ndinaona kuti sitingazipange bwino ndi manja. Pokoka mphirayo tinayamba taisiya padzuwa kuti ifewe, n'kumakoweka timbedza mosinthanitsa mbali kuti isapendekere.

Siponji ndinasema ndekha. Pokhalira ndinaika yolimba, ya makilogalamu pafupifupi 40 pa kiyubiki mita, pamwamba pake kansalu kopyapyala ka siponji yofewa. Ya matiresi otchipa imaoneka bwino tsiku loyamba, koma chaka chisanathe imakhala itaphwa. Maonekedwe ndinatengera ku siponji ya mpando wa mnzake, imene inali isanaphwanyike kwambiri.

Tsopano chikopa. Cha mpando wa mnzake ndinachivula mosamala, n'kuchitsuka ndi sopo wofatsa wa zikopa ndi kabulashi kofewa, madzi pang'ono pokha. Kenako ndinachipaka mafuta ofewetsera zikopa mobwerezabwereza, pang'onopang'ono, chili pamthunzi, mpaka chinayamba kupindika popanda kulira. Pamene panali kang'ambo kakang'ono ndinamata kansalu kopyapyala kunsi, milomo ya kang'amboko n'kuikumanitsa bwinobwino pamwamba.

Misoko yoduka sindinaiike pa makina. Singano ya makina ikadutsa pa msoko wakale imaboola mabowo atsopano pakati pa akale, ndipo chikopa chokalamba chimang'ambika motsata mzere umenewo. Ndinasoka pamanja ndi singano ziwiri zosasongoka, imodzi kuchokera uku, ina kuchokera uko, zonse zikudutsa m'bowo lomwe lidabooledwa mu 1966. Umafunika kukoka ulusi mpaka ungogona, osapitirira, chifukwa ukakoka kwambiri umamva kachikopa ka pakati pa mabowo awiri kakuduka pansi pa chala. Mnyamata wanga anaima pambali akuyang'ana, kenako anafunsa kuti, "Madala, zonsezi kusiyana n'kungodula chatsopano?" Ndinamupatsa chidutswa cha chikopa chakale cha mpando wa dalaivala ndi singano kuti ayesere, ndipo pofika madzulo anali atagwira mphamvu yoyenera kukokera.

Mpando wa dalaivala unafunika chikopa chatsopano pokhalira ndi potsamira pomwe. Vuto linali mtundu. Chofiira chimene chinkaoneka pamwamba chinali chitasanduka chotuwira, koma m'mphepete mopindira pansi pa felemu, mmene dzuwa silidafikemo, munali mtundu weniweni, wofiira wakuya. Ndinadula kachidutswa m'menemo n'kuyenda nako pofuna chikopa. Ndinasankha cha ng'ombe chonenepa pafupifupi milimita 1.2, ndipo ndinachiyerekeza panja, osati pansi pa getsi, poti magetsi a m'sitolo amanamiza maso. Zigawo zonyamula thupi ndinadula chakumsana kwa chikopacho. Chakumimba chimatamuka, ndipo mpando wodulidwa kumeneko umachita matumba msanga.

Patani sindinaitenge pa chikuto chakale mwachimbulimbuli. Chikopa chimene chakhalidwa zaka zambiri chimatamuka pena, pena n'kukhwinyata. Ndinasula misoko, ndinaika zizindikiro pokumanira zigawo, ndinayerekeza ndi za mpando wa mnzake, kenako ndinasoka chikuto choyesera cha vinyl yotchipa n'kuchiveka pa siponji. Nditakonza pamene chinkakana, m'pamene ndinagwira chikopa ndi mpeni. Ndinasoka pa makina osokera zikopa otchedwa walking foot, ulusi wa polyester chifukwa umapirira dzuwa kuposa nayiloni, msoko uliwonse wotalika mamilimita 5 kapena 6. Kamzere koyera kotupa ka m'mphepete, piping, ndinakapanga katsopano pa mipando yonse iwiri kuti ifanane.

Chikopa chakale chija ndinachibwezera mtundu ndi utoto wa zikopa wosungunula ndi madzi, wopopera mopyapyala kangapo. Sindinafune kuchikwirira mpaka makwinya ake asowe. Mukaima pafupi mumaona kuti mpando umodzi ndi wakale, wina ndi watsopano, ndipo bambo aja ndinawauziratu zimenezi. Wa dalaivala ndi umene udzakhalidwe kwambiri, choncho m'zaka zochepa udzayamba kufanana ndi mnzake.

Kanthu kena kamene ambiri amataya: njanji za mipando sizikhala pa chitsulo mwachindunji, zimakhala pa timatabwa tiwiri topyapyala, tokhala ndi mabowo mmene mumalowa tizitsulo tozungulira ta aluminiyamu. Bawuti imamanga pa kachitsuloko, thabwa n'kumachirikiza njanji kuti isapindike. Takale tinali titawola. Tinapala tatsopano ta mlombwa n'kutipaka vanishi.

Dashibodi

Ya chaka chimenechi ndi yachitsulo, yopakidwa penti yakuda yamakwinya, pamwamba pake pali kamtsamiro ka vinyl. Tisanaigwire tinachotsa batire. Galimoto iyi ndi ya positive earth, monga ma MGB onse oyambirira mpaka chakumapeto kwa 1967, kutanthauza kuti waya wa pulasi ndi umene umapita ku thupi. Wolumikiza wailesi kapena chaja ya foni yamakono osadziwa zimenezi amaiwotcha nthawi yomweyo. Mawaya ndi a kampani ya Lucas ndipo mitundu yake ili ndi tanthauzo: wabulawuni uli ndi moto nthawi zonse ndipo sudutsa pa fyuzi, woyera umayaka ndi kiyi, wobiriwira umayaka ndi kiyi kudzera pa fyuzi, wakuda ndi wa ku thupi. Makoswe anali atatafuna wabulawuni m'malo amodzi, zimene zikadatha kuyatsa moto pansi pa mkati watsopano. Ndinaitana wa zamagetsi.

Pa mawotchi a pa dashibodi, a kampani ya Smiths, yofunika kusamala ndi ija yosonyeza mphamvu ya oyilo ndi kutentha kwa madzi pamodzi. Siyendera magetsi. Ili ndi kapaipi ka oyilo komanso kena kopyapyala kwambiri kopita ku injini, kamene kakangothyoka wotchiyo yatha. Tinamasula ku injini n'kukasolola pang'onopang'ono, osakapinda.

Penti yamakwinya imafuna kutentha. Ndinadikira dala mpaka Okutobala. Titapala chitsulo mpaka kuyera n'kupaka penti yoyamba, ndinapopera yamakwinyayo katatu monenepa, koyamba mopingasa, kachiwiri motsika, kachitatu mopendeketsa, ndikusiya mphindi zochepa pakati. Poyamba imaoneka yosalala ndi yonyezimira, moti wosaidziwa amaganiza kuti yakanika. Tinaiika padzuwa la masana pamalo opanda fumbi. Patapita kanthawi makwinya anayamba pakona imodzi, timizere tating'ono tikuthamanga, mpaka anafalikira thabwa lonse lachitsulolo. Pamene penti yachepa makwinya sabwera, ndipo kupoperapo pamalo amodzi pokha kumasiya chipsera. Zikatero ndi bwino kupala yonse n'kuyambiranso. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ntchito imeneyi imafuna uvuni kapena nyale zotenthetsera, zimene ndi zovuta kudalira magetsi akamathimathima.

Kamtsamiro ka pamwamba ndinakakuta ndi vinyl yakuda, pogwiritsa ntchito guluu wopirira kutentha. Galimoto yotsekedwa padzuwa la kuno imatentha kupitirira madigiri 60 pamwamba pa dashibodi, ndipo guluu wamba amasungunuka.

Zitseko ndi pansi

Mabolodi a zitseko tinadula atsopano pa hadibodi ya mamilimita 3, tinawapaka vanishi kumbuyo ndi m'mphepete, tinawakuta ndi vinyl yofiira, ndipo pulasitiki ija tinaibwezera, m'munsi mwake mutalowa mkati mwa chitseko kuti madzi azitsikira ku timabowo totayira.

Pa kapeti tinakumana pakati. Bambo aja sanafune mphira popondera, ine sindinafune chomata. Ndinasoka kapeti yofiira yokhala ndi mpendero, yogwidwa ndi mabatani, yoti ikanyowa munthu aichotse n'kuiyanika. Pansi pake sindinaike feliti ya jute, imene imasunga madzi kwa milungu. Ndinaika siponji yosamwa madzi, nayonso yosamata. Pa chitunda cha giya pokha ndinaikapo chotchinga kutentha, poti pamenepo pamawotcha mwendo paulendo wautali. Malamba a mipando akale ndinakana kuwabwezera ngakhale ankaoneka abwino. Nsalu yake imafooka ndi dzuwa popanda chizindikiro, choncho tinaika atsopano.

Zotsatira

Tisanabwezere mipando tinayesanso ndi paipi ya madzi, ndipo kumapazi kunali kouma. Galimoto inatuluka mu Novembala mvula isanalimbe. Ndinawapempha bambowo kuti aziiphimba ndi chinsalu chake ikaima padzuwa, asamaisiye pansi pa jakaranda, azichotsa kapeti ikanyowa, ndiponso azipaka mafuta a chikopa kawiri pachaka, isanayambe nyengo yotentha komanso mvula ikatha.

Anabwera nayo mu Malichi kuti ndiione. Misoko ya pamanja ija inali isanasunthe, siponji sinaphwe, mabolodi a zitseko anali owongoka. Pansi pa kapeti ya dalaivala ndinapeza kachinyezi pang'ono chakumbuyo. Titatsatira tinapeza kuti madziwo akulowera pamene denga limakumana ndi galasi la chitseko, chifukwa nsalu ya dengalo idakhwinyata ndi ukalamba ndipo sikufikanso pamalo pake. Denga silinali m'pangano loyamba, poti ndalama zinathera ku chitsulo ndi mipando. Tagwirizana kuti tilisoke mu Seputembala, kukayamba kutentha, chifukwa nsalu ya denga imafuna kukokedwa ili yofunda kuti ikazizira igwire bwino. Felemu yake ndaichotsa kale ndipo ili kwa wowotcherera kuti awongole nthiti imodzi yopindika. Kufikira nthawi imeneyo galimoto izigona m'galaja ya mwana wawo ku Waterfalls.